Bambo Anakana Ndege

Gavina anakwera ndege Lachiwiri.
Ola limodzi lokha, watera kale ku Alghero,
watsegula mazenera a nyumba ya ku Ittiri,
wakutumula fumbi la zaka zinayi,
natiimbira foni: Inu muli pati?
Ife tinali pamzere padoko la Genova,
injini yozimitsa, dzuwa likuphika denga la galimoto.

Bambo anakana ndege.
Anati: Ndinachoka pamadzi, ndibwerera pamadzi.
Mumlengalenga mulibe njira yoti munthu n'kuikumbukira.
Ndinawawerengera papepala,
mafuta, msonkho wa pamsewu, tikiti ya galimoto,
usiku wathunthu wotayika.
Iwo anangoloza kumpando wakumbuyo:
makina osokera a malemu mayi,
bokosi la masipanala la zaka makumi anayi m'fakitale ya ku Torino,
ndi kamtengo ka mkuyu m'chitini cha penti.
Ndege yakoyo ilandira mkuyu?

Msewu unatiperekeza mpaka pamene unathera nzeru.
Kenako chombo chinayasamula.
Mnyamata wa jekete lachikasu anatikodola ndi zala ziwiri,
bwerani, bwerani, basi!
Pindani kalirole, kokani buleki, siyani m'giya.
Tinatuluka chammbali ngati nkhanu,
mimba zikukhula lole ya matailosi.

Pamwamba anthu anali atagawana kale dziko.
Mayi wina pansi pa masitepe watsamira nsapato zake,
madalaivala a malole akumenyetsa makadi patebulo,
galu akulira m'khola kuseri kwa chumuni.
Chipinda sitinalipire.
Tinali ndi mipando iwiri yopendekeka pang'ono chabe,
ngati munthu wopepesa mokakamizidwa.

Pakati pa usiku mpando wa bambo unali wopanda munthu.
Ndinawapeza pachitseko chachitsulo chotsikira kumagalimoto,
akugogoda ndi mphete.
Mkuyu uli wokha mumdima, anatero.
Mlonda, dzina lake Efisio litalembedwa pachifuwa, sanaseke.
Anati: Tili panyanja sititsegula, agogo,
koma ndikadutsa konko ndiuuza kuti mwaufunsa.

Tinatuluka panja.
Mphepo inkatikwatula mawu pakamwa,
mchere ukumata milomo,
chitsulo chikunjenjemera kumapazi.
Kumbuyo kulibe nyali, kutsogolo kulibe nyali,
thovu lokha, loyera, likutsekeka titangodutsa.
Bambo anagwira mpanda ndi manja onse awiri.
Ulendo woyamba uja ndinasanza usiku wonse,
mnyamata wopanda ndevu, sutikesi yomanga ndi chingwe.
Ndinalirira apa. Ayi, apo.
Ndinati: Chinali chombo china, bambo.
Anati: Madzi ndi omwewa.

Anandiuza za tchizi chimene amayi awo anawakulungira m'nsalu,
chimene anachisunga miyezi itatu pansi pa bedi,
osachidya, kumangochinunkhiza,
mpaka mwini nyumba anawaopseza kuti awathamangitsa.
Zaka zonsezi tikudya patebulo limodzi
nkhaniyi sinatulukepo.
Inkadikira maola khumi opanda kothawira.

Gavina sadzaimva momwe ndaimvera ine.
Iye anadumpha nyanja ngati chithaphwi,
anapatsidwa bisiketi, asanamalize kutafuna lamba wamangidwanso.
Sindimuda.
Wina anayenera kutsogola kukayala bedi,
kukaona ngati mpopi udakatulutsa madzi.

Kusanache chilumba chinatipeza ndi fungo
maso asanachione:
zitsamba zouma, utsi wa nkhuni, nthaka yolawa mame.
Bambo anakweza mphuno
nanditchula dzina la mayi:
Bonaria, konza tsitsi, tafika.
Sindinawatsutse.
Ndinakonza tsitsi.

Pa Porto Torres chitseko chija chinatseguka.
Tinatsikira mu utsi ndi phokoso la maunyolo,
aliyense akusaka galimoto lake ngati mwana wosochera pamsika.
Lathu linali pomwe tinalisiya.
Mkuyu unali utagwetsa tsamba limodzi pamakina osokera.
Bambo analitola, naliika m'thumba la malaya.
Injini inalira kachitatu ndisanaimve ikugwira.
Foni nayo inadzuka:
Gavina akuti tigule buledi panjira,
ndipo kiyi wa kuchipinda cha bambo sakuoneka.